Bulauzi Imodzi Lachitatu Lililonse

Timu yathu inkatchedwa Malezala, osati chifukwa tinali akuthwa kwenikweni, koma chifukwa tinkakonzekera mipikisano m'shopu yometera tsitsi. Lamlungu lililonse masana Wometa ankatseka chitseko, n'kukankhira mabenchi kukhoma, n'kusesera tsitsi la anthu pakona. Tinkaima kutsogolo kwa galasi lalikulu, ine, Wometa ndi Namwino, pamene aKochi ankakhala pampando wozungulira uja foni ili m'manja, chala chili pabatani loyezera nthawi. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, wadazi lonyezimira, munthu yekhayo amene ankalowa m'shopumo alibe chometa.

Kwa amene sanafikeko ku mpikisano wa alakatuli, zimayenda chonchi. Timu iliyonse imapatsidwa mphindi zitatu. Palibe pepala, palibe ng'oma, palibe zovala za sewero, ndi pakamwa basi. Oweruza ndi anthu asanu ongotoledwa pakati pa oonerera, ndipo mukamaliza amakweza makadi a manambala, kuyambira ziro mpaka teni. Mukapitirira nthawi amakudulani mapointi. Mawu anu akawalasa anthu, saomba m'manja, amaliza zala, kuti phokoso lisakudyereni masekondi.

AKochi anali ndi lamulo limodzi: pa maiki sitinama. Ankati oonerera amanunkhiza bodza ngati nsomba yadzulo. Lamuloli linkawakomera anzanga. Wometa anakhalapo m'ndende zaka ziwiri pa mlandu umene sunazengedwe n'komwe, ndipo akayamba kufotokoza za chidebe cha pakona pa selo, makadi a naini ankangotuluka okha. Namwino ankagwira ntchito kuwodi ya ana, ndiye za maliro sankachita kufunafuna. Nanga ine? Ndinali mtsikana wojambula mapepala a anthu m'shopu ya fotokope, bambo ali moyo, mayi ali moyo, palibe amene anandilakwirapo chachikulu. Ndinkalemba za maenje a mumsewu ndi mizere ya kuchipatala, n'kupatsidwa sikisi, nthawi zina seveni oweruza akakhala achifundo.

"Fotokope, ndakatulo zako ndi zoyera bwino," ankatero aKochi, "koma mulibe magazi."

Kwa zaka ziwiri ntchito yanga pa siteji inali kuima kumbuyo n'kumabwereza mawu omaliza a anzanga. Ndisabise, ndinkawachitira nsanje. Munthu wamkulu ndi mano anga, ndinkasirira ndende ya mnzanga.

Komabe magazi ndinali nawo pafupi, pansi pa bedi langa penipeni. Ndinkachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya fotokope, ndipo Lachitatu lililonse m'mawa achemwali anga ankadutsa pamenepo popita kumsika. Ankalowa atavala mabulauzi awiri, ina pamwamba pa inzake. Ankavula yam'katiyo, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'sutikesi yakale imene ndinkaisunga pansi pa bedi. Sabata ina inali siketi. Sabata ina nsapato imodzi ya mwana wawo wamkazi, atayibisa pansi pa thumba la kumsika, inzake n'kudzabwera sabata yotsatira. Masatifiketi awo ndinawajambulira ndekha pa makina athu, enieniwo n'kuwabwezera msanga m'kabati ya kwawo.

Ankatulutsa chimodzichimodzi chifukwa amuna awo, alamu anga, anali munthu wowerenga zinthu. Anali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo akanatha kukuuzani kuchuluka kwa misomali m'katoni pongoinyamula. Chikwama chitasowa m'nyumba akanadziwa tsiku lomwelo. Samwa mowa, sasuta, sakweza mawu. Munthu akadwala m'dera mwawo, pikapu yawo ndiyo imathamangira naye kuchipatala. Amayi ankati mwana wawo anakwatiwa ndi mngelo. Koma mngeloyo akafuna kumenya mkazi wake, ankayamba wavula wotchi, n'kuiika pamwamba pa filiji kuti isasweke, kenako n'kukweza wailesi. Kumaso sankamenyako.

Achemwali anali atakonza zonse. Tsiku lotsekera sukulu alamu ankayenera kupita kutauni ina kukaoda katundu. Achemwaliwo akanatenga mwana kusukulu, kudutsira kwa ine kutenga sutikesi, n'kukwera basi yopita kutali kumene mnzawo wakale anawapezera ntchito pa sukulu ya mkaka. Panali patatsala masabata asanu.

"Usauze munthu," anandiuza tsiku loyamba lija, akumanganso mabatani. "Ngakhale amayi. Amayi akangomva apita kukawadandaulira alamu ako, ndiye basi zathera pompo."

"Ndiuze ndani ine, achemwali?"

"Iwe pakamwa pako ndimapadziwa. Unayamba kulankhula usanayambe kuyenda."

Tinaseka tonse. Linali tsiku loyamba kuwaona akuseka chaka chimenecho.

Mpikisano womaliza wa matimu a m'madera unali patatsala masabata atatu, ndipo aKochi sankagona tulo. Zaka zitatu zotsatizana timu yathu inkathera pachiwiri, kumbuyo kwa timu ya kuseri kwa depoti, imene inali ndi mayi wina wolira misozi yeniyeni nthawi iliyonse yomwe wafuna.

"Ndende yako anthu ailoweza pamtima," anamuuza Wometa. "Nawenso Namwino, ana ako aja awalira kokwanira, ayamba kuyang'ana mafoni. Tikufuna bala latsopano." Anazungulira ndi mpando wawo n'kundiyang'ana. "Fotokope, iweyo ulibe kalikonse? M'banja mwanu monse muli bwinobwino?"

Sabata imeneyo ndinalemba kuseri kwa mapepala owonongeka a kuntchito. Sindinali chitsiru, kapena tinene kuti sindinali chitsiru chathunthu. Ndinabisa. Mkaziyo ndinamusandutsa mayi wa ana anayi wa kumudzi wina wakutali. Mwamunayo ndinamusandutsa chidakwa chobwera chikudzandira ndi lamba m'manja. Ndinaikamo mvula, ndinaikamo m'busa wodzayanjanitsa banja, ndinaikamo ndi mbalame yotsekeredwa m'khola. Zenizenizo ndinazimwaza pakatipakati, ndikuganiza kuti m'chigulu chotero palibe angazitole.

Lamlungu ndinaima pagalasi n'kulakatula. Nditamaliza, aKochi anayang'ana foni.

"Mphindi zinayi, masekondi makumi anayi. Tichotse mphindi imodzi ndi theka, kuposanso. Bweretsa pepalalo." Anatulutsa cholembera chofiira cha kusukulu chija. "Mbalameyi ichoke, ya aliyense imeneyi. M'busayu achoke. Mvulayi inagwadi?"

"Ayi."

"Ichoke. Nanga chidakwachi? Apa wanama, mwana iwe. Mawu ako akafika apa akumakwera ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. Munthuyu amamwa?"

"Samwa."

"Ndiye amatani akafuna kuyamba?"

Ndinayang'ana tsitsi la pakona lija. "Amavula wotchi."

Wometa, amene ankapukuta makina ake, anasiya.

"Amaiika pati?" anafunsa aKochi motsitsa mawu.

"Pamwamba pa filiji. Kenako amakweza wailesi."

"Lemba zimenezo. Usawonjezere kanthu."

Zinapitirira choncho. Khutu la bambo aja linali loopsa. Paliponse pamene ndinapeka pofuna kuphimba achemwali, ankamva kuti mawu anga asintha, n'kudula. Ana anayi anatsala mmodzi. Mudzi wakutali unachoka. Cholembera chofiira chinavula nkhaniyo nsalu zonse zimene ndinaiveka, ndipo ine ndinaima pompo n'kumathandiza, chifukwa ndinkamva ndekha kuti ndakatuloyo ikukoma. Pomaliza anafufuta paliponse pamene ndinalemba kuti "iye" n'kuikapo "ine".

"Anthu sapereka teni kwa mboni," anatero. "Amapereka kwa mwini bala."

Namwino yekha ndiye sanasangalale. Tikutuluka anandikokera pambali, pafupi ndi thanki ya madzi.

"Aise, ukwati ulibe iwe. Nkhaniyi ndi ya ndani?"

"Ya mayi wina."

"Akudziwa kuti ukukaiika pa maiki?"

"Anathawa kalekale," ndinatero. "Ali kutali, ali bwino."

Anandiyang'ana ndi maso ake a kuwodi aja, kenako anangoti, "Chabwino, ngati anatuluka." Bodza limenelo aKochi sanalimve, chifukwa anali m'kati akuyeza masekondi.

Ndinadzinyengerera ndekha ndi zifukwa zambirimbiri. Alamu sangaponde ku holo ya ndakatulo, amati ndi zochita za malova. Sindinatchule dzina. Amuna ovala mawotchi ndi ambiri, mafiliji ndiye osawerengeka. Ndinafika mpaka podziuza kuti ndikuthandiza amayi ena ovutika. Lachitatu achemwali atabwera ndi juzi ya mwana, ndinawathira tiyi, n'kuwathandiza kupinda, osanena kanthu. Pepala la ndakatulo linali pansi pa pilo, pamwamba penipeni pa sutikesi yawo.

Mpikisano unachitika Loweruka masana m'holo ya sukulu ina, mazenera onse otsegula koma kutentha kuli pompo. Wolengeza anapempha kuti anthu asajambule, ndipo monga mwa nthawi zonse mafoni anakwera m'mwamba asanamalize n'komwe kupemphako. A kuseri kwa depoti analira misozi yawo n'kupeza manaini. Kenako anaitana Malezala.

Kwa nthawi yoyamba ndinaima kutsogolo. Wometa anali kumanzere kwanga akuliza lilime ngati wotchi, tiki, tiki, tiki. Namwino anali kumanja akung'ung'udza chapansipansi ngati wailesi ya m'chipinda china. Ndinayamba:

"Mwamuna wanga amasamala zinthu.
Amavula wotchi yake,
amaiika pamwamba pa filiji
kuti isasweke."

Pamenepo Wometa anasiya tiki tiki uja mwadzidzidzi, Namwino n'kukweza wailesi yake. Zala zinalira holo yonse ngati mafuta m'chiwaya. Ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo, anthu mazana atatu akupuma nthawi imodzi ndi ine. Ndinapitiriza, ndipo pofika kumapeto mawu anga ankanjenjemera okha:

"Lachitatu ndimanenepa popita kumsika,
ndimawonda pobwerako.
Bulauzi imodzi. Siketi imodzi.
Nsapato ya mwana yakumanzere,
yakumanja sabata yamawa.
Werengani misomali yanu, bambo.
Sukulu ikatsekera mudzapeza mahang'ala okha."

Mphindi ziwiri, masekondi makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Makadi anakwera: teni, teni, naini ndi theka, teni, teni. AKochi analira, dazi lonse lili thukuta. Wometa anandinyamula ngati thumba la simenti. Panja amayi osawadziwa ankandikumbatira, akunditcha wolimba mtima. Mmodzi, wachikulire ndithu, anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Wanga amavula jekete." Ndinalandira zonsezo. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, ndipo palibe njira yonenera zimenezi mokoma.

Pofika Lolemba kanema wa ndakatulo yanga anali m'mafoni a anthu amene sanamvepo ndakatulo chibadwire. Makasitomala obwera kudzajambulitsa ziphaso ankandiloza. Ndinaimbira achemwali, foni yawo inali yothima. Ndinaimbanso Lachiwiri kasanu. Ndinaganiza zopita kunyumba kwawo, koma ndinaopa kuti nkhope yanga pageti ingowonjezera moto, kapena ndinangoopa basi.

Lachitatu anabwera nthawi yawo yomwe ija. Ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula chitseko mtima unayamba watsika, poganiza kuti zonse zili bwino. Kenako ndinaona mmene analowera. Ankayenda chowongoka, pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Anavala bulauzi imodzi ya manja aatali. Sanakhale pansi.

"Tulutsa sutikesi."

"Achemwali..."

"Tulutsa. Alamu ako ali panja, akudikira m'galimoto."

Ndinagwada n'kuikoka. Inali itayamba kulemera.

"Kalaliki wa kushopu kwawo ndiye anawaonetsa kanemayo," anatero, akuyang'ana khoma. "Alibe mlandu mayi uja, ankaona ngati akuwasangalatsa. Akuti, bwana, mlamu wanu watchuka. Anaonera kawiri. Atamaliza anatseka shopu masanasana, kubwera kunyumba, kutsegula wadiropu. Mahang'ala opanda kanthu anali khumi ndi anayi."

"Ndikhululukireni. Sindinatchule dzina, ndimaona ngati..."

"Unatchula tsiku."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya mbama, kapena kunditukwana mpaka anthu a m'mashopu atuluke. Anawerama movutikira, n'kutsegula sutikesi, n'kuyamba kuwerenga zovala ndi chala, milomo ikuyenda. Ankafuna atsimikize kuti nambala ikwana.

"Tiyeni tituluke chakuseri," ndinatero. "Pali kanjira kotulukira kumsewu wina. Namwino akudziwa anthu othandiza amayi, angakulembereni kalata ya kuchipatala, tipite kupolisi lero lomwe. Tikatenge mwana kusukulu..."

"Mwana kusukulu kulibe. Anamutenga Lolemba lomwelo kukamusiya kwa achibale awo. Sanandiuze kuti kwa ati. Akuti azikaphunzira komweko mpaka mutu wanga utakhazikika." Anatseka sutikesi. "Ndiye ndituluke chakuseri ndipite kuti?"

Ine amene ndinadzaza holo ndi mawu, ndinangoyang'ana sutikesi yotsekedwayo.

"Tamvera," anatero. "Ndawauza kuti zovalazi unkandibwereka iwe. Ndawauza kuti ndakatuloyo unapeka wekha, kuti unkaona wotchi yawo pa filiji ukabwera kudzacheza, n'kulukapo nkhani chifukwa cha nsanje, poti iwe banja ulibe. Sanakhulupirire, koma akufuna amve pakamwa pako. Ukanena bwino, mwina mwana abwera kumapeto kwa mwezi."

"Achemwali, ndikanena zimenezo ndiye kuti mawa mukadzafuna kuuza anthu zoona..."

"Mawa lake liti? Iwe ntchito yako ndi kulankhula. Tiye ukalankhule."

Ndinafuna kunyamula sutikesi, koma anandiletsa. Anainyamula okha, akupendekera mbali imodzi, mpweya ukutuluka m'mano.

Pikapu inaima kutsogolo kwa shopu, pamthunzi. Alamu anatsika atationa, malaya oyera ositidwa bwino, nkhope yowala. Anapatsa moni abwana anga amene anaima pakhomo, n'kufunsa za ana awo mmodzimmodzi.

"Alamu athu otchuka!" anatero atatembenukira kwa ine. "Mwatichititsa manyazi pang'ono, koma palibe kanthu, ndi chibwana. Akulu anu akuti muli ndi mawu."

"Eya, alamu. Ndimafuna kupepesa kuti..."

"Dikirani kaye." Anatulutsa foni. "Zija zinayenda pa foni, izinso ziyende pa foni. Imani apo, pali kuwala."

Ndinaima pakhoma la shopu, pansi pa chikwangwani cha mitengo ya fotokope. Anthu awiri atatu odutsa anaima. Ndinanena kuti ndakatulo ija inali yopeka, kuti sinkanena za munthu aliyense, kuti ndikupepesa kwa onse amene anakhumudwa. Mawu ankatuluka ophwanyikaphwanyika, maso anga ali pa nsapato.

Alamu anaonera kanemayo, mutu uli pambali, n'kupukusa.

"Ayi, alamu, apa simunadzipereke. Mesa pa siteji paja mumayang'ana anthu m'maso? Ndiponso simunanene kuti ine ndine munthu wotani, simunanene chimene chinakupangitsani. Tibwereze."

Ndinayang'ana achemwali. Anali ataika sutikesi kumbuyo kwa pikapu, ataima chogwira chitseko. Anandigwedezera mutu kamodzi, pang'ono kwambiri.

Ndiye ndinachita zimene ndinaphunzira kwa zaka ziwiri m'shopu yometera. Ndinaponda pansi mwamphamvu, kutsitsa mapewa, kupuma kuchokera m'mimba, n'kuyang'ana m'diso la foniyo. Ndinanena kuti alamu anga ndi bambo wachifundo amene dera lonse likumudziwa. Ndinanena kuti chikwatirane sanakwezepo dzanja pa mkulu wanga, kuti ine ndakhala ndikulowa m'nyumba mwawo zaka zisanu ndi zitatu ndipo sindinaonepo chipsera kapena msozi. Ndinanena kuti ndine mtsikana wansanje, wosakwatiwa, amene anaipitsa banja labwino pofuna makadi a teni. Ndinaima pamalo oyenera kuima. Pa mawu akuti nsanje mawu anga ananjenjemera, ndipo misozi inatsika yokha. Mayi wina mwa odutsa aja anati, "Ana a masiku ano," n'kundiyang'ana monyansidwa.

"Basi, izi ndiye zenizeni," anatero alamu. Anadinadina pa foni kwa kanthawi, akutumiza ku magulu awo onse, kwa amayi athu, kwa abale, kwa anthu a m'dera. Kenako anatsegulira mkazi wawo chitseko, n'kudikira mpaka atakhala bwino, n'kutseka mosamala. Atalowa mbali yawo analiza kanemayo kachiwirinso, foni atayiyandikitsa kukhutu kwa achemwali, ndipo ndinkamva mawu anga akutuluka pazenera, omveka bwino, opanda pokayikitsa.

"Wamva?" anawafunsa. "Ngakhale mng'ono wako weniweni akuti sindinakukhudzepo."

Achemwali ankayang'ana kutsogolo, manja ali pamiyendo.

"Ndamva, bambo," anatero.